Kukakhala ku Riyadh: zimene banja liyenera kudziwa mwana asanakwere ndege



Kale mnyamata wa ku Makanjira, Namwera kapena Nkhotakota akanena kuti akupita kunja, aliyense ankadziwa kuti akunena ku Joni. Masiku ano njira zachuluka. Ena akupeza mwayi wa maphunziro m'mayiko a Aluya, ena akulonjezedwa ntchito yoyendetsa galimoto, yomanga, ya m'sitolo kapena ya m'nyumba. Makolo akamva kuti mwana wawo akupita ku Saudi Arabia mitima imakhala pansi, chifukwa ndi dziko limene kuli Makkah ndi Madinah. Koma ntchito zambiri sizili m'mizinda iwiri yolemekezekayo. Zili m'mizinda ya malonda, ndipo waukulu kuposa yonse ndi Riyadh, likulu la dzikolo. M'nkhani ino tifotokoza mmene mzindawu ulili, kutentha kwake, malamulo ake a ntchito ndi mtengo wa moyo wa kumeneko, kuti amene akupita apite akudziwa, ndipo otsala adziwe zimene akuvomereza.

Kukula kwa mzindawu

Riyadh ali pakati penipeni pa dziko la Saudi Arabia, m'chigawo cha Najd, pamalo okwera mamita pafupifupi 600. Kulibe nyanja, kulibe mtsinje woyenda madzi ake chaka chonse ngati Shire. Kuti munthu akafike kugombe la kum'mawa, ku Dammam, amayenda makilomita pafupifupi 400. Mu 1902, pamene Abdulaziz Al Saud analanda linga la Masmak, Riyadh anali tauni yaing'ono ya nyumba zadothi yozunguliridwa ndi mpanda. Ufumu wa Saudi Arabia unakhazikitsidwa mu 1932, ndipo ndalama za mafuta zitayamba kulowa, tauni ija inakula mothamanga. Lero muli anthu pafupifupi 7 miliyoni. Kalembera wathu wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 1.1 miliyoni m'boma lonse la Mangochi. Choncho mzinda umodziwu uli ndi anthu ochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa boma lonselo.

Chimene chimadabwitsa mlendo n'chakuti mzindawu unatambalala. Unamangidwa poganizira galimoto, osati munthu woyenda pansi. Misewu yake ndi ikuluikulu, ya mizere yambiri, ndipo malo amene akuoneka pafupi ukhoza kulephera kuwafika chifukwa palibe powolokera. Kabaza wa njinga amene tinamuzolowera ku Mangochi ndi ku Salima kumeneko kulibe. Bwalo la ndege la King Khalid lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera pakati pa mzinda.

Mu Disembala 2024 anatsegula sitima za mumzinda, za njira zisanu ndi imodzi, zotalika makilomita 176 zonse pamodzi, ndi malo okwerera 85. Njira imodzi yokha, yodutsa mzinda kuchokera kumpoto kupita kumwera, ndi ya makilomita 38, pafupifupi kawiri mtunda wochokera ku Salima kukafika ku Senga Bay, koma monsemo muli nyumba zokhazokha. Sitima ndi mabasi zapeputsa maulendo, komabe ambiri amakhala kutali ndi siteshoni, ndipo kuyenda mphindi makumi awiri padzuwa la mu Julayi si nkhani yamasewera. N'chifukwa chake funso lakuti "ndizikagona kuti, ndipo kuntchito ndizikafika bwanji" liyenera kuyankhidwa munthu akadali kuno. Abale awiri akhoza kukhala mumzinda womwewo n'kutha miyezi osaonana.

Kutentha kwake si kwa kunyanja

Ife a kunyanja timadzitama kuti dzuwa tinalizolowera. Zoonadi, Okutobala ndi Novembala amawotcha ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Koma tili ndi mthunzi wa mango, tili ndi kamphepo ka madzulo, ndipo zikafika povuta timakasamba kunyanja. Ku Riyadh, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, masana ambiri kumatentha madigiri 42 mpaka 45, ndipo usiku kumangotsika kufika cha m'ma 28 kapena 30. Nyengo ndi yotembenuka: pamene kuno mwera ukuwomba ndipo asodzi akuwotha moto padoko, kumeneko ndiye pachimake pa chilimwe. Mnyamata wonyamuka kuno mu Juni amachoka atavala juzi n'kukatsikira m'ng'anjo.

Kutenthako n'kouma. Thukuta limauma lisanaoneke, choncho munthu amatha madzi m'thupi iye osazindikira. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kukokana kwa minofu ndi mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Zikatero munthu asiye ntchito, akhale pamthunzi, amwe madzi pang'onopang'ono, ndipo ngati alipo mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, onga Thanzi amene timapatsa ana otsekula m'mimba, amathandiza. Koma munthu akayamba kulankhula zosokonekera, kudzandira kapena kukomoka, thupi lili moto, moyo uli pachiswe. Mumuike pozizira, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo muimbe 997, nambala ya ambulansi, kapena 911. Amene wakomoka samwetsedwa madzi. Kutha madzi m'thupi tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali kumawononganso impso, ndipo vutoli limadzaonekera munthu atabwerera kale kumudzi.

Thupi limatenga sabata imodzi kapena awiri kuti liyambe kuzolowera, ndipo masiku oyambawo ndi amene ali oopsa, chifukwa wobwera kumene amafuna kuonetsa abwana kuti ndi wamphamvu. Lamulo la dzikolo limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 12 koloko masana mpaka 3 koloko, kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Sepitembala chaka chilichonse. Wogwira ntchito panja alidziwe lamuloli. Kuti tione kuti dzuwali silisankha, tikumbukire Hajj ya 2024, imene inachitika mu Juni: boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri mwa iwo anali opanda chilolezo cha Hajj ndipo anayenda mitunda italiitali padzuwa popanda pobisala.

Moyo wa chilimwe umayendera makina oziziritsa mpweya, amene ambiri amangoti AC. Chipinda chopanda makinawa sichigoneka, ndipo bilu ya magetsi imakwera m'miyezi imeneyi. Madzi a m'thanki ya padenga amatentha masana mpaka kuwotcha khungu. Anthu amagula zinthu, kuchezerana ndi kutulutsa ana kukada. Mwana sasiyidwa m'galimoto yotseka ngakhale kwa kamphindi. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera kunyanja ya mchere ya kum'mawa, amachotsedwa mchere m'mafakitale n'kupopedwa m'mipope mtunda wautali, ndipo ambiri akumwa amachita kugula. Mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita pafupifupi 100, ndipo cha mu Malichi mpaka Meyi kumabwera mphepo ya fumbi imene imavutitsa odwala mphumu. Komanso musasiye juzi: mu Disembala ndi Januwale usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 10.

Chiphaso ndi bwana

Mlendo aliyense wokhala m'dzikolo amakhala ndi chiphaso chotchedwa iqama. Popanda icho sungatsegule akaunti ku banki, kuchita lendi nyumba, kapena kuyenda ndi mtendere mumsewu. Iqama ya wantchito imamangiriridwa kwa amene anamulemba ntchito, amene kumeneko amamutcha kafili. Kugwirira ntchito munthu wina amene si kafili wako ndi mlandu. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna ya chimene madobadoba amachitcha viza yaulere, yakuti ukafika ukadzifunira wekha ntchito. Viza yoteroyo m'malamulo mulibe. Amene waigula amakhala akulipira munthu amene dzina lake lili pa chiphaso, uku akugwira ntchito mozemba. Chimodzimodzi viza ya Umrah kapena yokacheza: siilola kugwira ntchito, ndipo wopitirira masiku ake amalipitsidwa chindapusa, kutsekeredwa, kubwezedwa kwawo ndi kuletsedwa kulowanso.

Mu Malichi 2021 boma linasintha malamulo ena. Wogwira ntchito pakampani tsopano akhoza kusintha bwana akatha chaka, komanso kupempha yekha chilolezo chotuluka m'dziko kudzera pa intaneti, pa Absher ndi Qiwa. Koma kusinthaku sikunakhudze antchito a m'nyumba, madalaivala a mabanja, abusa a ziweto ndi olima m'minda ya anthu. Antchito a m'nyumba ali ndi malamulo awoawo, ndipo kulembedwa kwawo kumadutsa pa Musaned. Amenewa ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa amagwira ntchito kuseri kwa mpanda kumene palibe owaona. Tonse tinamva za amayi a ku Malawi amene anavutika m'nyumba za anthu ku Oman, nkhani imene wailesi ya BBC inaulutsa mu 2024. Oman ndi dziko lina, koma msampha wake ndi womwewo: lonjezo lokoma pa foni, ndege yolipiridwa kale, kenako pasipoti ndi foni kulandidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa wogwira ntchito pakampani, lamulo la ntchito limanena zinthu izi. Ntchito ndi maola 8 pa tsiku kapena 48 pa sabata, ndipo m'mwezi wa Ramadhan Msilamu amagwira maola 6 pa tsiku kapena 36 pa sabata. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 21, ndipo chimafika 30 munthu akatha zaka zisanu pamalo amodzi. Ndalama za iqama, za chilolezo cha ntchito ndi tikiti yobwerera kwawo ntchito ikatha amalipira ndi bwana. Pomaliza ntchito pamakhala ndalama yotsanzikira: theka la malipiro a mwezi pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, ndi malipiro a mwezi wathunthu pa chaka chilichonse chotsatira, ngakhale imachepa kwa amene wasiya yekha ntchito msanga. Bwana saloledwa kusunga pasipoti ya wantchito. Wantchito akamwalira, bwana ndi amene amalipira zotumiza thupi kwawo, pokhapokha abale atavomera kuti aikidwe konko.

Zonsezi zimagwira ntchito ngati pali mgwirizano wolembedwa. Mgwirizanowo umakhala m'Chiarabu, ndipo pakabuka mkangano mawu a Chiarabuwo ndi amene amatsatidwa. Apa masheikh ndi omaliza maphunziro a madrasa tili ndi udindo. Bweretsani pepalalo tiliwerenge limodzi munthu asanasaine, tione ngati ntchito ndi malipiro amene alembedwa ndi omwewo amene ananenedwa pakamwa. Pitaninso ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse ngati amene akutumiza anthuyo ali ndi chilolezo. Safunsa anadya phula.

Ndalama ikafika m'manja

Ndalama ya kumeneko ndi riyal, ndipo kwa zaka zambiri mariyal 3.75 akhala akusinthidwa ndi dola imodzi ya ku America. Choncho amene walonjezedwa mariyal 1,500 pa mwezi walonjezedwa madola 400. Ikasinthidwa kukhala makwacha imaoneka phiri, ndipo n'chimene chimakopa. Koma funso ndi lakuti itsala zingati. Ngati kampani ikupereka pogona, galimoto ya kuntchito ndi chakudya, munthu wodziletsa akhoza kusunga gawo labwino. Ngati zonsezi azilipira yekha, ndalama ija imathera konko. Katundu wambiri ali ndi msonkho wa 15 pa 100 iliyonse. Lendi kawirikawiri salipira mwezi ndi mwezi ngati kuno: eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi isanu ndi umodzi kapena ya chaka nthawi imodzi, ndipo mgwirizano umalembetsedwa pa Ejar. Lendi mu Riyadh inakwera kwambiri moti mu Sepitembala 2025 boma linalamula kuti isakwezedwenso kwa zaka zisanu.

Ambiri amanyamuka ndi mawu akuti "ndikakhazikika ndidzakutengani." Ndi bwino mkazi ndi makolo ake adziwe kuti si wantchito aliyense amene amaloledwa kuitanitsa banja. Zimatengera mtundu wa ntchito yolembedwa pa iqama ndi kukula kwa malipiro. Ndipo amene waloledwa amalipira boma mariyal 400 pa mwezi pa munthu aliyense amene akumusunga. Mkazi ndi ana awiri ndi mariyal 1,200 pa mwezi, lendi, chakudya ndi sukulu tisanawerengere. Sukulu za boma zimaphunzitsa m'Chiarabu, ndipo zophunzitsa m'Chingelezi n'zolipira. Kunena mwachidule, dalaivala, mlonda kapena womanga nyumba azikakhala yekha, ndipo banja lizikamuona patchuthi basi.

Tidziwenso kuti dzikolo lili ndi ndondomeko yotchedwa Nitaqat, imene inayamba mu 2011, yokakamiza makampani kulemba ntchito nzika, ndipo ntchito zina anazisungira nzika zokha. Mlendo amakhala kumeneko chifukwa cha ntchito, ndipo ntchito ikatha amabwerera, ngakhale atakhalako zaka makumi awiri. Kumeneko n'kosakira, kwathu n'kuno. Wanzeru amamanga kumudzi akadali pantchito.

Ophunzira njira yawo ndi yopepukirapo. Mu Riyadh muli King Saud University, Imam Mohammad Ibn Saud Islamic University ndi Princess Nourah bint Abdulrahman University, imene ndi ya akazi. Amene wapeza thandizo la maphunziro aonetsetse kuti kalata yachokeradi ku yunivesiteyo, ndipo adziwe kuti chiphaso cha wophunzira si chilolezo cha ntchito.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Kalembera wa 2022 anapeza kuti mwa anthu 32.2 miliyoni a m'dzikolo, 13.4 miliyoni ndi obwera. Mnzako wa m'chipinda akhoza kukhala wa ku Bangladesh, India, Pakistan, Yemen, Egypt, Sudan kapena Philippines. Dera la Batha, pakati pa mzinda wakale, ndi kumene obwera ambiri amakumana, kugula zotsika mtengo ndi kutumiza ndalama kwawo. Chiarabu cha m'mabuku chimene timaphunzitsa ku madrasa chimathandiza kwambiri powerenga ndi pomvera khutba, koma cha mumsewu n'chosiyana ndipo chimatenga miyezi kuti khutu lichizolowere. Chakudya chachikulu ndi mpunga wa nkhuku kapena nyama, umene amautcha kabsa, buledi wafulati ndi tende. Chambo, usipa ndi utaka wa pathandala muziiwale kaye. Masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndipo sabata ya ntchito imayamba Lamulungu. Nthawi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu.

Mizikiti ili paliponse ndipo chakudya cha halaal sichisowa. Qibla, imene kuno timayang'ana chakumpoto, kumeneko ili chakumadzulo. Ambiri a ife kunyanja tinakulira m'madhhab a Imam Shafi'i, pamene kumeneko ambiri amatsata a Imam Ahmad ibn Hanbal. Mudzaona kusiyana pang'ono, monga kusawerenga qunut pa swala ya Fajr tsiku ndi tsiku. Zimenezi si zokanganirana. Swalini pambuyo pa imamu mwamtendere. Miyambo ina imene madera ena kuno amachita poyera kumeneko sichitika poyera, ndipo kulalikira, kusonkhanitsa anthu kapena kutolera zopereka popanda chilolezo ndi mlandu.

Amene akuganiza kuti azikachita Umrah Lachisanu lililonse adziwe kuti Makkah ili pa mtunda wa makilomita oposa 850 kuchokera ku Riyadh. Ulendo ndi wotheka ndipo ndi mwayi waukulu, koma umafuna tchuthi ndi ndalama. Hajj imafuna chilolezo ngakhale kwa okhala m'dzikomo, ndipo lamulo la ntchito limapereka tchuthi cha Hajj cha masiku 10 mpaka 15 kamodzi, kwa amene watha zaka ziwiri pa bwana mmodzi ndipo sanachitepo Hajj.

Pali zinthu zitatu zimene zingamutayitse munthu ufulu. Choyamba ndi kunyamulira wina katundu amene sukudziwa m'kati mwake: kuzembetsa mankhwala ozunguza bongo chilango chake chimafika pa imfa. Chachiwiri ndi zithumwa, mphinjiri ndi mankhwala a zitsamba opanda dzina amene achibale amalowetsa m'chikwama poti amuteteze mwana. Kumeneko zinthu zotere zimatha kutengedwa ngati za ufiti, ndipo umenewo ndi mlandu waukulu. Chachitatu ndi foni: kujambula anthu osawapempha ndi kulemba zonyoza boma kapena anthu pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp kumamangitsa.

Otsala kumudzi

Ulendowu si wa munthu mmodzi. Ngati wopitayo ali pabanja, mkazi wake ali ndi ufulu womva zoona zake: zaka zingati, tchuthi liti, ndalama ya chakudya ndi fizi izifika bwanji ndipo izifikira m'manja mwa ndani. Maukwati ambiri a anthu a kunja sasokonekera kunjako, amasokonekera kuno, pamene ndalama ikufikira kwa mlamu kapena kwa apongozi, mkazi ndi ana n'kumapempha sopo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi ulendo usanachitike, ndipo zimene agwirizana zilembedwe. Miyezi yoyamba musamupanikize ndi mapempho. Akhoza kukhala asanalandire kanthu, ndipo manyazi amachititsa ambiri kubisa mavuto. Banja lisunge zithunzi za pasipoti, viza ndi mgwirizano wa ntchito, dzina la kampani ndi dera limene ili, ndipo pakhale tsiku lodziwika loimbirana. Akangoti zii masiku angapo, musadikire mwezi kuti muyambe kufunsa.

Chenjerani ndi ngongole. Kugulitsa munda, bwato kapena chilimira kuti mulipire dobadoba ndi kutaya chimene chikudyetsa banja lero pofuna chimene simunachione. Katapira ndiye woipitsitsa: ndi riba, ndipo amamanga munthu kuti apirire nkhanza poopa kubwerera chimanjamanja.

Tisanavomereze, tiyeni tikhale ndi mayankho a mafunso awa. Kodi viza ndi ya ntchito, ndipo ntchito yolembedwapo ndi imene akukagwirayo? Bwana ndi kampani kapena ndi banja? Malipiro ndi mariyal angati, ndipo pogona, chakudya, mayendedwe ndi chipatala alipira ndani? Ntchitoyo ndi ya panja kapena ya m'kati? Mgwirizano ndi wa zaka zingati, ndipo wofuna kubwerera nthawi isanakwane atani? Pali munthu wodziwika amene ali kale kumeneko amene tingalankhule naye popanda kudzera kwa wotumizayo? Amene akukwiya ndi mafunsowa, kapena akuti fulumirani malo atha, watiyankha kale.

Kufuna rizq kutali si tchimo ndipo si chachilendo kwa ife. Makolo athu anayenda mpaka ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ena ku migodi ya ku Joni ndi ku Zimbabwe. Alipo amene apita ku Riyadh n'kubwera ndi maphunziro, luso ndi mpamba. Chimene tikupempha n'chakuti banja lifunse, likambirane, wopitayo aswali istikhara, kenako asankhe maso ali poyera. Ndipo amene waona kuti mayankho sakukwanira n'kusankha kutsala, asachite manyazi ndi ukonde wake kapena munda wake wa mpunga.

Tikupempha Allah kuti awasunge ana athu amene ali kunja, awapatse rizq la halaal, ndipo awabweze kwa makolo awo ali amoyo ndi athanzi. Allah ndiye Wodziwa koposa.